Cimene Cinatalikitsa kwa Pembamoyo

Munthu wa ku Lusaka akamva dzina la Pembamoyo, kawirikawiri amafunsa kuti, "Kodi kumeneko nkuti?" Ngakhale anthu a ku Chipata, amene ali m'cigawo cimodzi ndi dzikolo, ambiri amangolidziwa ndi khutu, phazi lao silinapondeko. Pembamoyo ndi dzina la mfumu ya Acewa, ndiponso la mudzi ndi dziko limene mfumuyo ilamulira. Dzikolo lili m'mapiri a kum'mwera cakum'mawa kwa Chipata, pangodya pamene Zambia apanikizika pakati pa Malawi ndi Mozambique. Zaka zambiri linali m'boma la Chadiza, pamodzi ndi maiko a Mlolo, Mwangala ndi Zingalume, kufikira caka ca 2012 pamene Vubwi anapatulidwa nakhala boma paokha.

Dzikolo ndi lokwera, ndipo miyezi ya Juni ndi Julaye kumazizira kwambiri, kotero kuti nkhalamba sizicoka pamoto kufikira dzuwa litakwera. Malire ndi Malawi atsata msana wa mtunda. Mvula ikagwa tsidya la kum'mawa, madzi ace amatsikira ku mtsinje wa Bua ndi kukathira m'nyanja ya Malawi. Ikagwa tsidya lino, amalowera kum'mwera, napyola m'dziko la Tete kunka ku Zambezi. Nthawi ya dzinja timitsinje tambirimbiri timadzaza, njira zimasanduka matope, ndipo wodwala kapena mai wapakati amanyamulidwa pa njinga kapena pa ngolo ya ng'ombe kunka kucipatala.

Anthu akamati kwa Pembamoyo nkutali, amanena ngati kuti Mulungu anakulenga kotero. Koma kutalika kumeneku kuli ndi mbiri yace. Kunayamba pa nthawi yodziwika, ndipo anakupanga ndi anthu.

Zaka mazana anai zapitazo, kapena kuposerapo, Undi anapatukana ndi Kalonga ku Mankhamba, pafupi ndi nyanja, nadza kumadzulo ndi mbumba yace, namanga likulu pa Mano, m'dziko limene lero lili ku Mozambique. Kucokera ku mapiri a kwa Pembamoyo, Mano ali kum'mwera cakumadzulo, ndipo Msinja, kumene Makewana anali kupempherera mvula ya dziko lonse, ali kum'mawa, m'tsinde mwa Dzalanyama. Ndiye kuti mapiriwa anali pakati pa mfumu ndi kacisi, m'kati mwenimweni mwa dziko la Undi. Mlenje akapha njobvu, dzino logunda pansi linali la mwini dziko, ndipo zikopa za mikango ndi akambuku zinapita njira yomweyo. Amithenga onyamula mitulo, osula makasu ndi ogulitsa mcere anali kuyenda m'njira za miyendo zimene palibe anaziyesa za kuthengo.

Kunalinso golide. Kuseri kwa malire a lero, cakum'mwera, kuli Missale, kumene Apwitikizi a ku Tete anali kukumbitsa golide kale Angelezi asanaoneke konse m'dziko muno. Mu 1831 Monteiro ndi Gamitto anacoka ku Tete kunka kwa Kazembe, napyola m'dziko la Undi, ndipo Gamitto analemba zimene anaona m'buku limene linasindikizidwa mu 1854. Nchito ya m'migodi imeneyo inali kugwiridwa ndi akazi, akapolo a eni migodi, amene anali kukumba dothi ndi kulitsuka m'mbale zamtengo. Cuma cimeneco sicinapindulitse okumbawo, komabe cisonyeza kuti dzikoli linali panjira ya malonda, ndi kuti nsaru ndi mikanda zinafikako kalekale.

Coyamba kutseka njirazo inali nkhondo. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linada masana, ndipo ca m'ma 1870 mwana wace Mpezeni anadzakhazikika m'dera la Chipata. Mphamvu ya Undi inali itayamba kale kugwedezeka cifukwa ca Acikunda ndi mfuti zao, tsopano inatha. Msinja anapasulidwa. Acewa a m'zidikha ena anagwidwa nasanduka Angoni, ena anamanga malinga, ndipo ena anathawira m'mapiri. Mapiri amene lero atopetsa woyenda ndiwo anasunga mbeu ya anthu masiku amenewo. Anthu analima timinda pakati pa miyala, nabisa cimanga m'mapanga, akazi natsika kukatunga madzi kusanace. Munthu wobadwa m'zaka zimenezo anaphunzira kuti mudzi wabwino ndi umene mlendo saupeza msanga.

Caciwiri cinali colembera. Pa 11 Juni 1891, ku Lisbon, Angelezi ndi Apwitikizi anasaina pangano logawana maiko a m'mbali mwa Zambezi. Pamsonkhanowo panalibe Mcewa ndi mmodzi yemwe. Mzere umene anagwirizana unadula dziko la Undi, Mano natsala kwa Apwitikizi. Mzere wina unalekanitsa Nyasaland ndi North-Eastern Rhodesia, ndipo Acewa anapezeka ali pansi pa maboma atatu. Mlongo anali kwa Apwitikizi, mlongo wace kwa Angelezi. Mudzi kuno, manda a makolo uko. Dziko limene linali pakati linasanduka mphepete, ndipo mphepete ya maiko atatu nthawi imodzi.

Kuyambira pamenepo ciri conse ca boma cinayamba kucokera kumpoto. Kumayambiriro kwa 1898 asilikari a Angelezi anagonjetsa Angoni, Nsingo mwana wa Mpezeni naphedwa, ndipo Fort Jameson, amene lero ndi Chipata, anakhala likulu la North-Eastern Rhodesia. Likulu limenelo linali ulendo wa masiku ocepa cabe. Koma mu 1911 maiko awiri a Rhodesia wa kumpoto anaphatikizidwa, likulu napita ku Livingstone, kumathero ena a dziko, ndipo mu 1935 linasamukira ku Lusaka. Mudzi sunasunthe ndi phazi limodzi lomwe, koma oulamulira ndiwo anali kunka nasendera kutali.

Boma limene silinafike ndi mseu linafika ndi msonkho. Ca m'ma 1900 nyumba iri yonse inayamba kulipira masheleni 3 pacaka. Pamwamba pa izi panali nkhani ya nthaka. Mjeremani wina, Carl Wiese, anati Mpezeni anampatsa dziko, ndipo pa mau amenewo kampani ya North Charterland inalandira malo okwana masikweya mailosi 10,000. Mu 1928 anthu a m'cigawoci anaikidwa m'malo opatulidwa, amene Azungu anati marizevu, kuti nthaka yotsala idikire alimi acizungu. Alimiwo sanabwere ambiri, pakuti mtengo wa fodya unagwa caka comweco. Malo osiyidwa anamera thengo, nyama ndi kashembe nzibwerera, pamene m'marizevu anthu anapanikizana, nthaka nikokoloka, njala nikhala mlendo wa caka ndi caka. Boma linagula malowo kwa kampani mu 1941, nayamba kubwezeramo anthu, koma mbadwo wathunthu unali utakulira m'kusowa.

Ndarama za msonkho sizimera m'munda wa maungu. Motero amuna ananyamuka. Ena anakagwira nchito m'minda ya fodya pafupi ndi Fort Jameson, koma ambiri analunjika kum'mwera, ku Harare, wapansi, kupyola m'dziko la Apwitikizi, ulendo wa masabata, atasenza ufa, mphika ndi nkhwangwa, nagona pafupi ndi moto cifukwa ca mikango. Ca m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayamba kunyamula anthu otere pa malole osalipira, amene anthu anawapatsa dzina loti Ulere. Anthu a m'mapiriwa anaidziwa njira ya ku Harare ndi ya ku migodi ya ku Joni asanaidziwe ya ku Lusaka. Obwera anabwera ndi mabulangete, njinga, makina osokera ndi nsaru za akazi ao. Ena sanabwere konse, ndipo ndiwo macona, amene maina ao anatsala m'nyimbo za pamtondo.

Apa ndipo pafunika kufunsa cimene cinasunga midzi pamene amuna anali kutali, pakuti midzi ya mitundu ina inapasuka m'zaka zimenezo. Yankho lili m'mamangidwe a mudzi wa Cicewa. Mudzi umenewu mizati yace ndi akazi: agogo, ana ao akazi, ndi adzukulu obadwa mwa anawo. Mwamuna amadza kudzakhala kwa mkazi monga mkamwini, nalima munda wa apongozi, koma ana si ace kuwalamulira. Mwini mbumba ndi mtsibweni, mlongo wa mai wao. Mkamwini akapita ku Harare, mkazi satsala pakati pa alendo. Ali pamudzi pa amai ace, munda ndi wa kwao, nkhokwe ndi yace, ndipo mlandu ukabuka ankhoswe alipo. Nchito yokha ndiyo inalemera. Kudula mitengo, kumanga nkhokwe ndi kufolera nyumba zinali nchito za amuna, ndipo pamene amunawo panalibe, akazi anafulula mowa naitana anansi kudzathandiza. Nyumba yodontha pakati pa dzinja inali cizindikiro codziwika ca mwamuna amene wakhalitsa kunchito.

Caka ca mudziwo cinayenda monga mwa mvula. Novembala ndi Disembala anthu anabzala cimanga, nsawawa, nyemba ndi maungu. Januwale ndi Febuluwale inali miyezi ya njala, pamene nkhokwe iri pansi ndipo cimanga cisanace. Masiku amenewo bowa, ndiwo zamasamba ndi cimanga ca kudimba ndizo zinaolotsa ana. Zokolola zikalowa m'nkhokwe, anyamata anatentha thengo nakumba mbewa, anamwali nalangizidwa, ndipo usiku ng'oma za Nyau zinamveka kucokera phiri lina kunka phiri lina. Amishoni anadana ndi Nyau, ndipo zaka zambiri panali kulimbana pakati pa sukulu ndi dambwe. M'midzi yotalikira Boma dambwe silinagonje msanga. Ndipo gule yemweyo amene anali kunyozedwa, mu 2005 bungwe la UNESCO linamlengeza kukhala cuma ca anthu onse a pa dziko lapansi.

Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Kwa anthu a m'malire mwambiwo sunakwane bwino, pakuti iwo anali ndi mapanga atatu, ndipo anadziwa kusankha losadontha. Cibalo ca Apwitikizi ndi mbalamatodya zikakula, mabanja anaoloka usiku kudza kwa abale ao tsidya lino. Amesenjala a msonkho akamveka kuti ali panjira, amuna ena anakaceza kwa atsibweni ao ku Nyasaland kufikira fumbi litatha. Ngakhale Undi mwini wace anacita comweco: mu 1935 anasiya dziko la Apwitikizi nalowa m'Northern Rhodesia, ndipo mu 1937 boma linambvomereza kukhala mfumu yaikuru ya Acewa a m'dzikomo. Cotero mafumu onga Pembamoyo anapezanso mbuye wao wakale, koma tsopano ali kumadzulo, ku Katete.

Ufulu wa pa 24 Okutobala 1964 unadzetsa masukulu ndi zipatala zazing'ono m'midzi yambiri, koma malire a kum'mwera sanaone mtendere. Mu 1968 nkhondo ya FRELIMO ndi Apwitikizi inafika m'dziko la Tete, ndipo pa 30 Juni 1969 ndege za Apwitikizi zinaponya mabomba pa mudzi wa Lote m'boma la Katete, nkhani imene Zambia anaitengera ku United Nations. Yoopsa koposa inali nkhondo ya RENAMO. Ca m'ma 1985 anthu zikwizikwi anayamba kuthawira m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke. Ambiri sanafune msasa, pakuti anali ndi abale m'midzi. Anapatsidwa pomanga ndi polima, nadya m'mbale imodzi ndi eni mudzi. Mu 1987 boma linatsegula malo a Ukwimi ku Petauke, nayamba kuwasamutsa kuwacotsa m'malire. Koma zigawengazo zinali kuoloka, nizifunkha midzi, kulanda ng'ombe ndi kupha anthu, ndipo mabanja a m'malire anabwerera ku nzeru ya makolo ao: masana kumunda, usiku kukagona kuphiri. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo m'zaka ziwiri zitatu zotsatira othawawo ambiri anabwerera kwao.

M'kati mwa mabvuto omwewo, mu 1984, mwambo wa Kulamba unadzutsidwanso. Kumapeto kwa Ogasiti caka ndi caka mafumu a Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kudzapereka mitulo kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo pa tsikulo mzere wa ku Lisbon umaoneka wocepa mphamvu.

Cilengezo ca 2012 cinasendeza Boma pafupi, kotero kuti munthu wofuna cikalata sayeneranso kunka ku Chadiza. Mlimi wa soya, mpendadzuwa kapena fodya amayang'anabe mitengo mbali zitatu asanagulitse, ndipo thumba lace lingathe kupita ku Chipata kapena kuoloka pa njinga kunka ku Mchinji. Golide nayenso wamvekanso. M'zaka zapafupi ndi 2020 anyamata ambiri a ku Vubwi anasiya makasu natsikira m'mitsinje ndi mafosholo ndi mabeseni, ogula nafika ndi timasikelo tao kucokera kutali, ena a iwo anthu amene kale sanadziwe kuti kwa Pembamoyo nkuti.