Amene Anatola Makhwekhwe ku Majete

M'chaka cha 2006 ndinali mphunzitsi wongoyamba kumene pasukulu ina ya pulayimale m'dera la Mfumu Kasisi ku Chikwawa. Tsiku lina mbiri inawanda m'mudzi yoti njovu zikubwera pamalole kuchokera ku Liwonde. Ana anatuluka m'kalasi ali liwiro, ine n'kuwatsatira kuti ndikawabweze, koma nditafika kumsewu ndinaima nawo limodzi. M'gulu la anthuwo munalinso malume anga, alongo awo a mayi. Anthu ankakuwa ndi kululutira, koma iwo anangopinda manja. Fumbi litakhazikika anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mphwanga, zimene akubwezazi tinazimaliza ndife."

Mbiri ya Majete imakambidwa kawirikawiri ngati nkhani ya nyama ndi bungwe limene linazibwezeretsa. Ine ndikufuna kuikamba kuchokera kunja kwa mpanda, kumene kuli anthu omwe anagwira ntchito zaka zambiri popanda malipiro kuti nkhalangoyi ikhale mmene ilili lero. Ndinali mmodzi mwa iwo.

Majete ili kumadzulo kwa mtsinje wa Shire, pamtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Blantyre, ukatsika zitunda zija n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 700. Dera limeneli ndi la Amang'anja kuyambira kalekale. Mu 1859 David Livingstone anafika pa mathithi a Kapichira, sitima yake n'kulephera kupitirira, ndipo anawapatsa mathithiwo dzina la Murchison. Ena mwa Amakololo amene anali naye anatsalira m'chigwachi n'kusanduka mafumu, ndipo ufumu wa Kasisi unachokera pamenepo. Choncho pamene boma la atsamunda linkakhazikitsa Majete ngati malo osungirako nyama mu 1955, linapeza anthu amene anali kale ndi mafumu awo, manda awo, madimba awo ndi malamulo awo a uzimba.

Agogo ankatiuza kuti kale munthu akapha nyama yaikulu, mwendo unkapita kwa mfumu, ndipo mlenje sankadya yekha. Malire atadulidwa, nyama zinayamba kutchedwa za boma. Munthu amene dzulo anali mlenje wolemekezeka anasanduka wakuba. Anthu sanasiye kusaka ayi. Anangosiya kusaka masana. Ndipo chinthu chikakhala cha boma, palibe amene ankamva chisoni chikamatha. Ufulu wa 1964 sunasinthe maganizo amenewa. Mbendera inasintha, koma nyama zinakhalabe za eni ake okhala kutali.

Chipembere ndicho chinayamba kutha, cha m'ma 1970. Kenaka kunabwera nkhondo ya ku Mozambique. Anthu othawa nkhondo amene analowa m'Malawi anafika pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ambiri anakhala m'maboma a Nsanje, Chikwawa ndi Mwanza. Iwo anadza ndi njala ngati yathu yomwe, ndipo sindikuwaloza chala. Koma m'njira zomwe iwo anadzera munadzeranso mfuti zankhondo, ndipo ogula minyanga sankasowa. Mfuti ya gogodela imafuna kuti mlenje aisendere nyama, aombe kamodzi, athire wonga wina. Mfuti yankhondo imagwetsa banja lonse la njovu nthawi imodzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 m'Majete munali njovu zoposa 200. Pofika 1992, chaka chomwe nkhondoyo inatha, munalibe ndi imodzi yomwe.

Malume sanagwirepo mfuti yankhondo. Ntchito yawo inali yolondolera njira, chifukwa ankadziwa pomwe njovu zinkamwera madzi m'chilimwe m'mbali mwa Mkulumadzi. Ankalipidwa nyama ndi ndalama zochepa, ndipo zina mwa ndalamazo ndi zimene zinandigulira yunifomu yanga yoyamba ya kusekondale. Sindingalembe mbiri imeneyi ngati munthu wa m'manja moyera. Njovu zitatha anatembenukira ku makhwekhwe a waya, otchera ngoma ndi agwape, mpaka nazonso zinayamba kusowa. Kenaka anthu anatembenukira ku mitengo. Matumba a makala ankakwera zitunda panjinga kupita ku Blantyre, ndipo mitengo ya tsanya inkagwa umodziumodzi. Pofika chaka cha 2000 m'nkhalangomo munatsala mvuu ndi ng'ona za mu Shire, anyani, ndi tinyama towerengeka. Alendo anali atasiya kubwera.

Mu 2003 boma, kudzera m'nthambi yoona za nyama zakuthengo, linasainirana mgwirizano wa zaka 25 ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa Majete. Iyi inali nkhalango yoyamba imene bungweli linatenga mu Africa monse, choncho nalonso linali kuphunzira. Nthaka ndi nyama zinakhalabe za dziko la Malawi. Bungwelo linatenga udindo wosamalira, kulemba alonda ndi kufunafuna ndalama. Koma kusiyana kumeneku kunali kovuta kukufotokoza pansi pa mtengo wa bwalo. M'midzi mawu amene ankamveka anali akuti boma lagulitsa Majete kwa azungu. Nkhani ya mpanda wa waya wamagetsi itamveka, mantha anakula. Amayi ankafunsa za udzu wofolerera nyumba ndi nkhuni. Amuna ankafunsa za nsungwi zolukira nkhokwe ndi malichero. Nkhalamba zinkafunsa za mankhwala amene mizu yake inkapezeka m'katimo basi.

Mafunso amenewa anali oona. Mpanda, umene unatha kumangidwa cha m'ma 2008 ndipo ndi wotalika makilomita pafupifupi 140, unatseka njira zimene anthu anayendamo kuyambira ali ana. Komanso popanda mpandawo, njovu zija zikanathera m'minda mwathu ya chimanga, mapira ndi thonje. Walira mvula walira matope. Aliyense anaona kuti mpanda ukuteteza mbali zonse ziwiri, ndipo aliyense anaonanso kuti waya sungadziteteze wokha. Munthu mmodzi wokhala ndi pulayala akhoza kuudula usiku, ndipo waya wa mpanda ndi womwenso umapanga khwekhwe labwino koposa. Alonda ndi ochepa, midzi ndi yambiri. Mpanda ukanakhala kapena kugwa malinga ndi zimene anthu a m'midzimo akanasankha.

Apa ndi pamene ntchito yongodzipereka inayambira. Midzi inasankha makomiti ndi mabungwe ake oti azilumikizana ndi oyang'anira nkhalango. M'mudzi mwathu anandisankha kukhala mlembi, chifukwa choti ndinali mphunzitsi ndipo ndinali ndi kope. Panalibe malipiro. Wapampando wathu anali mayi wina wamasiye amene sanapite patali ndi sukulu, koma akaimirira pabwalo ngakhale anyakwawa ankakhala chete.

Ntchito yathu inali yotere. Tinkalemba mayina a ofuna kukamweta udzu kapena kudula nsungwi ndi bango pamasiku ololedwa, n'kuwaperekeza kuti alowe ndi kutuluka pamodzi, komanso kuti wina asasiye moto. Mtengo ukagwera pa waya, kapena madzi akakokolola pansi pa mpanda, tinkatumiza uthenga tsiku lomwelo. Nyama ikatuluka, tinkachenjeza anthu ndi kuletsa anyamata kuithamangira ndi mikondo. Tinkayenda khomo ndi khomo kupempha kuti amene ali ndi misampha ndi makhwekhwe akazitule kwa anyakwawa. Alimi a njuchi atayamba kupachika ming'oma m'mbali mwa nkhalango, ndife tinkathetsa mikangano ya malo. Kusukulu ndinkayang'anira kalabu ya zachilengedwe, mwambo umene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi linaufalitsa m'sukulu zambiri za m'dziko muno. Tsiku limene ndinalowa ndi ana anga m'nkhalango pagalimoto, mtsikana wina wa sitandade 6 anaona mbidzi n'kufunsa ngati anachita kuipenta. Anabadwira pamtunda wosakwana ola limodzi kuchokera pamene panaima mbidziyo.

Si onse ankatikonda. Ankatitcha akazitape. Ena ankati timalandira ndalama mobisa, ndipo mkazi wanga anamva mawu amenewa kuchitsime kangapo. Nthawi zina nafenso tinkatopa. Munthu amasiya khasu m'munda nthawi ya mpalira kukakhala pamsonkhano tsiku lonse, n'kubwerako ndi botolo la zoziziritsa kukhosi basi.

Chiyeso changa chinadza chilimwe china, njovu zitabwera kale. Tikuyendera mpanda ndi anzanga awiri, tinapeza makhwekhwe anayi pampata umene nguluwe zinakumba. Ndinangoona mfundo yake n'kuizindikira. Malume ankapotokola waya kawiri n'kubweza nsonga m'kati kuti isabaye dzanja, ndipo anandiphunzitsa mfundo imeneyo ndili ndi zaka khumi. Anzangawo nawonso anaizindikira, koma palibe anatchula dzina. Ankadikira kuti aone zimene mlembi achite.

Kwathu malume ndi mwini mbumba. Ndi amene anakandifunsirira mbeta, ndi amene akanadzaimirira pamaliro a mayi anga. Mphwa sapita kukaneneza malume ake. Koma ndikanakhala chete, komiti ikanathera pomwepo, chifukwa aliyense akanadziwa kuti lamulo limaluma ana a eni okha. Madzulo ndinapita kwawo ndi makhwekhwewo m'thumba, n'kuwaika pamphasa.

"Malume, izi tazipeza kumpanda."

Anaziyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye wabwera kudzandimanga?"

"Ayi, malume. Ndabwera kudzapempha kuti mawa mukazitule nokha kwa anyakwawa, pamodzi ndi zotsalazo. Mukapanda kutero ine ndisiya ulembi, ndipo anthu adzafunsa chifukwa chake."

Sanandiyankhe, ndipo sanandiperekeze monga ankachitira. Mawa lake sanapite. Anapita patatha masiku atatu, atanyamula mtolo wa waya ndi misampha iwiri yachitsulo, anthu akuona. Sabata yomweyo amuna ena asanu anatula zawo. Anandilankhulanso patapita miyezi iwiri. Pambuyo pake anayamba kuweta njuchi, ngakhale mpaka imfa yawo ankanena kuti uchi si ndiwo.

M'katimo nyama zinkachuluka. Zipembere zinabwezedwa mu 2003, njovu 70 zija mu 2006 ndipo zina zinatsatira, anyalugwe mu 2011, mikango mu 2012. Akadyansonga anafika mu 2018, akakwiyo mu 2019, mimbulu mu 2021. Chinthu chimene chinandidabwitsa koposa chinachitika mu 2017, pamene njovu za ku Majete zinakwezedwa pamalole kupita ku Nkhotakota, pantchito yosamutsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Nkhalango imene inalibe njovu ndi imodzi yomwe mu 1992 inali itayamba kugawira inzake. Chaka chomwecho lamulo la nyama zakuthengo linakhwimitsidwa, chilango chachikulu n'kufika zaka 30 m'ndende. Ndinaganiza za malume, ndi za masiku atatu aja.

Kudzipereka sikunathere pa nyama zokha. Cha m'ma 2016, pantchito yolimbana ndi malungo m'midzi yozungulira Majete, imene College of Medicine inachita pamodzi ndi mayunivesite a ku Netherlands ndi bungwe la The Hunger Project, anali anthu odzipereka a m'midzi momwemo amene ankasonkhanitsa anzawo, kuwalimbikitsa kutseka mipata ya pakati pa khoma ndi denga, kuika mawaya m'mawindo ndi kuthira mankhwala m'zithaphwi momwe udzudzu umaswanirana. Ambiri mwa iwo ndi omwe aja anayamba ndi kulemba mayina a omweta udzu. Mudzi ukaphunzira kusonkhana pa chinthu chimodzi, chachiwiri sichivuta.

Sindikunena kuti zonse zinalongosoka. Amene analembedwa ntchito m'nkhalango, kapena amene ana awo analipiriridwa sukulu, ndi ochepa poyerekeza ndi anthu onse ozungulira mpandawo. Mlendo wogona usiku umodzi pamalo ena a m'katimo amalipira ndalama zimene mlimi wa thonje sangazipeze pa miyezi ingapo. Madzi osefukira a mu 2015, namondwe wa Ana mu 2022 amene anawononga damu la magetsi la Kapichira, ndi Freddy mu 2023, zinasiya mabanja ambiri a m'chigwachi opanda kanthu, ndipo munthu wanjala akayang'ana kudzera pa waya amaona ndiwo zikudya msipu. Nthawi zotero ntchito ya komiti imabwereranso pachiyambi, khomo ndi khomo.

Zaka 25 za mgwirizano uja zikukwana mu 2028. Akuluakulu adzawerenga nyama, alendo ndi ndalama, ndipo manambala ake ndi abwino. Ine ndikupempha kuti patebulo limenelo padzakhalenso mipando ya anthu a kunja kwa mpanda, osati kudzavina polandira alendo, koma kudzanena nawo za udzu, za ntchito, ndi za gawo la ndalama zolowera pachipata limene liyenera kufika m'midzi. Anagwira ntchitoyo, ndipo ena anadana ndi abale awo chifukwa cha iyo.

Ulembi ndinausiya zaka zingapo zapitazo. Amene anatenga kope langa ndi mtsikana uja anafunsa za mbidzi, lero ndi mayi wa ana awiri. Pomupatsa ndinamuonetsa tsamba limene ndinalembapo mayina asanu ndi limodzi a amene anatula waya sabata ija. Dzina loyamba ndi la malume.