Ndege Zotera Pamadzi ndi Chaka cha Njala

Mwezi wa Novembala m'chaka cha 1949, ndege zikuluzikulu za kampani ya BOAC zidayamba kutera pa Nyanja ya Malawi, pafupi ndi mudzi wa Chembe ku Cape Maclear. Ndegezi zidalibe mateyala oterera ayi. Mimba yake idali ngati ya bwato, ndipo bwalo lake lidali madzi. Zinkachokera ku Southampton ku Mangalande pa ulendo wa ku Johannesburg, ndipo apaulendo ake ankatsika kukapumula pa hotela imene idamangidwa m'mbali mwa nyanjayo. Koma mlendo ndi mame: patangotha chaka chimodzi, ndegezo zidaleka kubwera. Nditawerenga zimenezi ndidadzifunsa kuti, kodi zidachokera kuti, zidathera kuti, ndipo chidatsalako n'chiyani? Zimene ndidapeza ndi zimene ndikufuna kugawana nanu, anzanga.

Ndegezi dzina lake zinali Solent, koma mbiri yake idayambira ku nkhondo. Kholo lake lidali Sunderland, ndege yankhondo yotera pamadzi imene kampani ya Short Brothers idaulutsa koyamba m'chaka cha 1937. Pa Nkhondo Yaikulu Yachiwiri, ma Sunderland ankauluka maola ambiri pamwamba pa nyanja zamchere kuperekeza zombo za katundu ndi kusaka sitima za Ajeremani zoyenda pansi pa madzi. Onse pamodzi adapangidwa 749. Nkhondo itakula ku mbali ya Japan, Angerezi adafuna ndege yoposa pamenepo mphamvu ndi zida. Adaikuza, naipatsa injini zinayi za Bristol Hercules, naitcha Seaford. Yoyamba idauluka pa 30 Ogasiti 1944, chaka chomwe asilikali athu a Keyala ankamenyana ndi Ajapani omwewo m'nkhalango za Burma. Tsono nkhondo idatha mu 1945 Seaford isadaombere ndi chipolopolo chimodzi chomwe pa mdani, ndipo zidangopangidwa 10 basi. Kunena zoona, idali ngati msilikali wofika kudambo anzake atagawana kale nyama.

Popeza chuma sichitayidwa, ndege 6 mwa ma Seaford aja adazichotsa mfuti, naikamo mipando 39, nazitcha Solent 3. Kampani ya BOAC idali nazonso zina 12 zatsopano zotchedwa Solent 2. M'kati mwake mudali zipinda zapansi ndi zapamwamba, ndipo chakudya ankaperekera pathebulo monga m'hotela. Ulendo wa ku Johannesburg udayamba mu Meyi 1948. Ndegezi zinkatsata madzi: mtsinje wa Nile, Nyanja ya Victoria, mtsinje wa Zambezi pamtunda pa mathithi a Victoria Falls, mpaka damu la Vaal. Usiku zinkagona, usana n'kumauluka, kotero kuti ulendo wonse unkatenga masiku anayi ndi kanthu. Umu ndi m'mene nyanja yathu idalowera pa mapu a ndegezi.

Nanga n'chifukwa ninji zidatha msanga chotere? Yankho lake ndi nkhondo yomwe ija idazibala. Nthawi ya nkhondo maiko ambiri adalambula mabwalo aatali a ndege zotera pamtunda, ndipo ndege zoterozo zidali zaliwiro ndiponso zosaboola mthumba. Ndege yotera pamadzi inkafuna maboti, malo okocheza ndi antchito pa doko lililonse. Choncho mu Novembala 1950 BOAC idasiya kuyendetsa ndege zapamadzi, niika Handley Page Hermes pa ulendo wa ku Johannesburg. Hotela ya ku Cape Maclear nayo idatsekedwa posakhalitsa.

Kulondola mapazi a ndegezi sikudandivute monga ndinkaganizira, chifukwa ndege iliyonse ili ndi nambala yake, ndipo alipo anthu ku Ulaya, ku Amereka ndi ku Australia amene ntchito yawo ndi kulemba kumene nambala iliyonse idapita. Zambiri zidaphwanyidwa n'kusanduka zitsulo wamba. Zina zidagulidwa ndi kampani ya Aquila Airways imene inkanyamula alendo kupita ku chilumba cha Madeira. Imodzi mwa izo, G-AKNU, idagwa pa chilumba cha Isle of Wight pa 15 Novembala 1957, ndipo anthu 45 mwa 58 adafa pa ngoziyo. Chaka chotsatira kampaniyo idatseka. Ndege zake zitatu zidakatayidwa m'mbali mwa mtsinje wa Tagus ku Lisbon, kumene zidachita dzimbiri zaka zoposa khumi kufikira zidagumulidwa.

Pa dziko lonse lapansi lero patsala ma Solent awiri okha. Imodzi ili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa MOTAT mu mzinda wa Auckland ku New Zealand. Dzina lake ndi Aranui, koma iyo idali ya kampani ya kumeneko yotchedwa TEAL. Inayo ndiyo yotikhudza ife. Idabadwa ngati Seaford ya nambala NJ203. Itavula yunifolomu idakhala G-AKNP, City of Cardiff, ya BOAC, m'zaka zomwezo pamene ma Solent a kampaniyo ankatera kwathu kuno. Mu 1951 idagulitsidwa ku Australia, kumene idatchedwa Star of Papua. Pambuyo pake idawolokera ku Amereka, kwa kampani imene inkafuna kunyamula anthu kuchokera ku Honolulu kupita ku Tahiti kudzera pa chilumba cha Christmas. Ulendowo udalephereka chifukwa Angerezi adasandutsa chilumbacho malo oyeserapo mabomba a nyukiliya. Kenaka idagwa m'manja mwa mpondamatiki Howard Hughes, ndipo idaonekeranso mu kanema wa Raiders of the Lost Ark wa 1981. Tsopano idaima pamtunda ku Oakland Aviation Museum ku California. Taonani, ndege imodzi: maina atatu, maiko atatu, ndipo sitepe iliyonse idalembedwa.

Kwathu kuno chidatsala n'chiyani? Mabwinja a hotela ija ali m'dera limene kuyambira 1980 ndi la Lake Malawi National Park. Kupatula apo, ndidaganiza kuti zotsala zina zingakhale m'mitu ya anthu. Patchuthi ndidapita kwathu kwa Nsamala ku Balaka, kumene njira za ogulitsa usipa ndi utaka wochokera ku Mangochi zakhala zikudutsa kuyambira kale, ndipo ndidacheza ndi agogo anga aakazi pamodzi ndi okalamba ena anayi amene mu 1949 adali ana osinkhuka. Mmodzi yekha, bambo wina wokalamba, ndiye adati adamvapo kwa anthu a nsomba za ndege yokhala pamadzi ngati bakha, ndipo panthawiyo adayesa nthano. Enawo nditangotchula chakacho, nkhope zidasintha. Kwa iwo 1949 si chaka cha ndege ayi. Ndi chaka cha njala.

Mvula ya dzinja la 1948 mpaka 1949 idadula chimanga chisadakhwime, makamaka m'chigawo cha kum'mwera. Boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby lidaitanitsa chimanga kunja, koma miyezi yowawitsa idali kumapeto kwa 1949 ndi kuchiyambi kwa 1950, miyezi yomweyo imene ndege zija zidayamba kutera ku Cape Maclear. Agogo anga adandisimbira za kudya mizu ya kutchire ndi zitsa za nthochi, za amuna amene adapita kukasuma ku mapiri a Ntcheu ndi ku dziko la Apwitikizi, ena osabwereranso kwa akazi awo, ndi za kukhala pa siteshoni ya Balaka kudikira ngati sitima yabweretsa matumba. M'dziko limodzi, mwezi umodzi, ena ankadya pathebulo mumlengalenga, ena ankakumba mizu.

Sindikunena izi pofuna kunyoza anthu amene adasunga City of Cardiff. Iwo adachita bwino, ndipo popanda iwo nkhani inoyi sindikadailemba. Chimene chandikhudza ndi kusiyana kwa kasungidwe. M'mabuku onse a ndege amene ndidawerenga mudali nambala za injini ndi masiku ogulitsira, koma simudali dzina la mmisiri amene adaumba njerwa za hotela ija, kapena la wopalasa amene ankanyamula masutikesi kuchokera pandege. Mbiri ya njala nayo ikadatayika chimodzimodzi. Megan Vaughan, amene adalemba buku la The Story of an African Famine mu 1987, adaipeza osati m'mafailo a boma okha, komanso m'nyimbo zimene amayi a m'boma la Blantyre ankaimba posinja pamtondo. Kwa eni ndege, kaundula adali pepala. Kwa amayi athu, kaundula adali mtondo ndi munsi.

Vuto n'lakuti chitsulo chimadikira, koma munthu sadikira. Ndege ya ku Oakland ikapakidwa utoto idzakhalapobe zaka makumi zikubwerazi. Koma mwana amene adali ndi zaka 10 mu 1949 lero wapitirira zaka 80, ndipo zigayo zidaletsa kale nyimbo zambiri zapamtondo. Mawu a akulu akoma akagonera, inde, koma pokhapokha ngati alipo wina amene adawasunga. Tsono pempho langa kwa inu anzanga a m'bwalo lino la alembi ndi ili: tchuthi chikubwerachi aliyense atenge kope, akakhale pansi ndi wokalamba mmodzi wa kwawo, akalembe dzina lake, mudzi wake, chaka, ndi zimene adaona, mosamala monga momwe anthu aja adalembera NJ203. Tikadzabwerera tidzaike makopewo pamodzi.