Anyasalande m'migodi ya ku Midlands

Matauni a m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe adakula mozungulira migodi ndi ng'anjo: golide wa mgodi wa Globe and Phoenix ku Kwekwe, miyala ya kromu ku Shurugwi, asibesito wa mgodi wa Shabanie ku Zvishavane, ndi chitsulo chosungunulidwa ku Redcliff. Pa nthawi ya atsamunda, dzikoli likutchedwa Southern Rhodesia, ambiri mwa anthu amene ankatsikira pansi m'migodimo sadali eni nthaka, koma amuna ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, amene msonkho wa nyumba ndi kusowa kwa ntchito zolipira bwino zidawachotsa kwawo.

Eni migodi ankafuna alendowa pa chifukwa chodziwika. Mshona kapena Mndebele adali ndi munda ndi ng'ombe pafupi, ankatha kugulitsa chimanga kuti apeze ya msonkho, ndipo mvula ikagwa ankasiya ntchito nkukalima. Munthu wochokera ku Ntcheu kapena ku Nkhata Bay, amene adayenda pansi milungu yambiri nkuwoloka Zambezi, adalibe kothawira, choncho ankalandira malipiro amene mwini dera akadakana. Mu 1903 kudakhazikitsidwa Rhodesia Native Labour Bureau, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, limene antchito adalipatsa dzina loti chibalo, kutanthauza ntchito yokakamizidwa, popeza linkagwira amuna m'njira nkuwatumiza ku migodi imene ena onse ankaikana. Lamulo la mabwana ndi antchito la 1901 lidachititsa kuti kusiya ntchito pangano lisadathe ukhale mlandu wopita nawo kundende, ndipo chitupa, kalata yosonyeza dzina la munthu ndi la bwana wake, chinkathandiza apolisi kugwira wothawa. Ku komboni, malo ogona antchito oyang'aniridwa ndi mzungu ndi apolisi ake, chakudya chidali choperewera, moti chibayo ndi matenda otupitsa nkhama zidapha anthu ochuluka kuposa ngozi zapansi. Charles van Onselen, m'buku lake la 1976 lotchedwa Chibaro, adawerengera kuti antchito akuda oposa 30,000 adafera m'migodi ya dzikolo pakati pa 1900 ndi 1933.

Pamwamba pa tsankho lochitira alendoli padali tsankho la khungu, limene lidakhudza munthu wakuda aliyense. Lamulo la 1934 lokhudza mikangano ya pantchito, Industrial Conciliation Act, silidawerengere anthu akuda m'gulu la antchito ovomerezeka, motero ntchito za luso, maphunziro a umisiri ndi ufulu wokambirana malipiro kudzera m'mabungwe zidasungidwira azungu, mpaka pamene lamulolo lidasinthidwa mu 1959. Mnyasalande amene adaphunzira ku sukulu za mishoni, monga Livingstonia ndi Blantyre, ankatha kukwera kufika pa ukalaliki kapena ukapitawo, koma osapitirira apo, ngakhale ankadziwa ntchito kuposa mzungu womulamula. Clements Kadalie, amene adayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, adagwirapo ukalaliki wotere pa mgodi wa Falcon ku Mvuma. Choipa kwambiri pa dongosololi nchakuti maudindo ang'onoang'onowa adadanitsa akuda okhaokha: eni nthaka ankaona mlendo ngati wokondedwa wa mzungu komanso wotsitsa malipiro, ndipo mayina onyoza ngati mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, adamera m'nthaka imeneyo. Koma mlendo yemweyo ndiye adali wosavuta kumulanga, chifukwa akayambitsa sitiraka kapena bungwe la antchito boma linkangomuthamangitsa m'dziko, monga lidachitira ndi Robert Sambo, amene adabweretsa ICU ku Bulawayo mu 1927.

Anyasalande ambiri sadabwerere kwawo. Kumudzi ankatchedwa machona, ndiye kuti amuna amene adapita kunja nkusiya kutumiza ngakhale kalata, ndipo vutoli lidakula mpaka boma la Nyasaland lidasankha komiti yolifufuza mu 1935. Ku komboni adakwatira, adabereka ana, adamanga mizikiti ndi matchalitchi, adakhazikitsa magulu othandizana pa maliro, ndipo gule wamkulu adapeza bwalo pafupi ndi milu ya dothi lochokera m'migodi.

Ufulu wa 1980 udachotsa tsankho la khungu m'malamulo a ntchito, koma chilema chokhala mlendo chidatsala. Nyumba ya wantchito wa pamgodi idali ya kampani, ndipo mbadwa ya dzikolo ikapuma ntchito inkabwerera ku munda wa makolo ake, pamene mwana wa mchona adalibe mudzi wopitako. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa kuti aliyense amene akadatha kukhala nzika ya dziko lina akane kaye unzika umenewo motsata malamulo a dziko linalo, ndipo anthu ambiri obadwira ku Shurugwi ndi ku Zvishavane, amene sadapondepo ku Malawi, adapezeka ali ndi ziphaso zowatchula kuti alendo, nkutaya ufulu wovota. Patangopita zaka zochepa ng'anjo za ku Redcliff zidazima mu 2008 ndipo mgodi wa Shabanie udaima, antchito nkutsala ndi malipiro osaperekedwa. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 adavomereza kuti munthu amene adabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, ndipo ankakhalabe m'dzikomo, ndi nzika mwa kubadwa, koma kuti ufuluwo ugwire ntchito pamafunika zikalata za kubadwa, zimene mabanja ambiri a ku komboni alibe kuyambira pa agogo mpaka pa adzukulu.