Fizi, Mpamba ndi Ndiwo: Mmene Takhala Tikugawira Ndalama Imodzi Patatu

Amayi anzathu, ndalama ya geni ili ndi eni ake atatu isanafike n'komwe m'thumba. Woyamba ndi mpamba, chifukwa ukaudya mawa sukhala ndi chogulitsa. Wachiwiri ndi m'mimba. Wachitatu ndi mwana wa sukulu, ndipo uyu ndiye wovuta kwambiri chifukwa safuna pang'onopang'ono ngati ndiwo, amafuna zambiri pa tsiku limodzi. Mbiri ya magulu athu osunga ndalama yagona kwambiri pa mwini wachitatuyu.

Amayi athu anakula nthawi imene amuna ambiri ankapita ku migodi ya Joni kudzera ku Wenela, kenako TEBA, ena ku Halale. Ndalama inkabwera, koma inkabwera nthawi yake, osati nthawi imene mwana wathamangitsidwa kusukulu. Mayi otsala pamudzi ankafulula masese, kuphika zitumbuwa kapena kugulitsa nkhuku. Ndipo ankachita chipereganyu: anthu asanu kapena khumi, aliyense kusonkha ndalama yofanana, mwezi uno zonse kupita kwa mmodzi, mwezi wamawa kwa wina. Titayamba kuwoloka malire tinapeza kuti chinthu chomwechi chili paliponse, dzina lokha ndilo losiyana. Ku Zambia amati chilimba, ku Zimbabwe mukando kapena maround, ku Mozambique xitique, ku South Africa stokvel. Palibe boma limene linakhala pansi kuti liphunzitse azimayi a mayiko asanuwa njira imodzi. Vuto linali limodzi, n'chifukwa chake yankho linafanana.

Chipereganyu chinali ndi pofookera pake. Fizi imafunika kwa onse mwezi umodzi, koma wolandira mwezi umenewo ndi mmodzi yekha. Amene dzina lake lagwa kumapeto ankapita kwa akatapila, kukatenga K100 n'kudzabweza K150 kapena K200. Ambirife tikukumbukira mawailesi ndi makina osokera amene anapita motero.

Mu 1994, boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Ana olembetsa sukulu anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ena mwa ife tinali m'makalasi amenewo, ena pansi pa mtengo. Ku Zambia zofanana zinachitika mu 2002, kuyambira giredi 1 mpaka 7, ndipo mu 2022 boma la Hakainde Hichilema linafikitsa maphunziro aulere mpaka giredi 12. Izi ndi zinthu zazikulu ndipo sitizipeputsa. Koma mawu akuti ulere anasokoneza abambo ambiri kunyumba. Yunifolomu, nsapato, makope, zolembera, ndalama ya chitukuko, ya mlonda, ya mayeso, ya phala, ya "patitaimu" ya Sitandade 8: zonsezi zinakhalabe, ndipo popeza zimabwera zing'onozing'ono, zinagwera mayi. Bambo amawerenga fizi ya pa risiti. K500 ya m'mawa uliwonse amaidziwa ndi amene amamasula nsonga ya chitenje.

Chaka chomwecho cha 1994 kwacha inasiyidwa kuti izipeza yokha mtengo wake pamsika, ndipo zinthu zinakwera. Koma malonda anamasukanso. Mabelo a kaunjika anadzaza m'misika, monganso salaula ku Zambia, ndipo kwa nthawi yoyamba mayi wa geni ya tomato ankatha kuveka ana anayi osapita kwa telala. Azimayi anayamba kukwera mabasi: ena njira ya Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge mpaka Johannesburg, ena njira ya Songwe kukaoda zitenje ndi nsapato ku Kariakoo, ena pafupi pomwepa, Mchinji ndi Chipata. Ulendo wa Joni unkadya sabata yathunthu. Tisabise, amene ankasunga nyumba sabata imeneyo kawirikawiri anali mwana wamkazi wamkulu, yemweyo amene tinkamufunira fiziyo. Ankaphikira ang'ono ake, nthawi zina kukhala pa benchi kumsika, sukulu n'kujomba. Mtengo umenewu sulembedwa m'buku la gulu lililonse.

Banki m'khonde inabwera pambuyo pake. Njirayi inayambira kutali, ku Niger mu 1991, kudzera ku bungwe la CARE, ndipo inafalikira kuno m'zaka za m'ma 2000. Inasiyana ndi chipereganyu pa zinthu zitatu. Munthu amagula masheya malinga ndi mmene wapezera sabata imeneyo, imodzi mpaka zisanu, kotero wa mandasi ndi wa ku Joni amatha kukhala gulu limodzi. Ngongole imatengedwa nthawi imene wafuna, osadikira mzere. Ndipo chiwongoladzanja chimabwerera kwa ife tomwe pa tsiku logawana. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndipo pambali pali kathumba ka zadzidzidzi ka matenda ndi maliro. Kathumba kameneka ena amakaona kachabe, komatu ndiko kamateteza fizi. Kale mwana akadwala malungo, ndalama ya teremu ndiyo inkapita kuchipatala.

Apa tinene maganizo athu. Magulu ambiri amaika chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi. Kwa amene watenga ngongole kukaoda usipa n'kuugulitsa m'masabata awiri, zimenezi n'zotheka. Koma fizi sibereka. Mayi amene watenga K100,000 kulipirira mwana wa Fomu 3 amafunika kupeza K20,000 mwezi uliwonse kuchokera m'geni imene sinawonjezeredwe kanthu. Miyezi itatu ikatha amayamba kudya mpamba, kenako amalowa gulu lachiwiri kuti abweze loyamba. Tonse tinaonapo mayi amene anathawa mudzi usiku chifukwa cha zimenezi, ndipo tinaonanso magulu akupita kukanyamula mipando ndi malata a mnzawo. Magulu amene anapatula ngongole ya sukulu, n'kuiikira chiwongoladzanja chochepa, ife timaona kuti anaganiza bwino.

Phunziro lina linachokera ku Zimbabwe, ndipo linali lowawa. Mu 2008 ndalama ya kumeneko inkatha mphamvu pakati pa m'mawa ndi madzulo, mpaka mu January 2009 anasindikiza pepala limodzi la 100 trillion dollars. Amene anasunga ndalama m'bokosi chaka chonse anagawana mapepala osagula ngakhale buledi. Amene anapulumuka ndi amene ankati akasonkha, tsiku lomwelo n'kugula shuga, mafuta ophikira, sopo, kapena kusintha kukhala ma rand ndi ma dollar. Ife a ku Malawi tinkamvetsera ngati nthano ya kwa eni. Kenako mu May 2012 kwacha inagwa kuchoka pa K168 kufika K250 pa dollar imodzi. Mu May 2022 inagwanso ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika K1,700. Iyi ya November inapweteka mwapadera chifukwa inafika kutatsala masabata ochepa kuti magulu ambiri agawane. Manambala m'buku anali okongola, koma pa golosale anali atachepa mphamvu. Kuyambira pamenepo ambirife tinayamba kutengera anzathu a ma stokvel a ku South Africa, amene amagula katundu wambiri pamodzi n'kugawana. Ife timagula makope, zolembera, nsalu ya yunifolomu ndi sopo wa ana a kubodingi miyezi isanafike. Kope silitsika mphamvu.

Zina zinatipepukira. Kuyambira 2010, pa boda ya Mchinji ndi Mwami pali ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, imene imalola katundu wina wopangidwa m'mayiko athu kudutsa ndi fomu yachidule. Mukuru, EcoCash, Airtel Money ndi TNM Mpamba zinachititsa kuti mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Cape Town azisonkha sheya yake tsiku lomwelo, osatumizanso pa kondakitala wa basi. WhatsApp inatenga malo a nsanamira ya pakhonde, ngakhale kuti ndalama yochotsera pa foni nayonso imadya kanthu.

Chaka cha 2020 chinatiyesa onse nthawi imodzi. Mu March malire anatsekedwa, sukulu za ku Malawi zinatsekedwa pa 23 March, ndipo ana anakhala pakhomo miyezi yoposa isanu akudya katatu pa tsiku pamene geni yaima. Ena anasoka mamasiki, ena anayamba kugulitsa ndiwo khomo ndi khomo. Magulu ambiri anaimitsa chiwongoladzanja kwa kanthawi. Atsikana ambiri sanabwererenso m'kalasi sukulu zitatsegulidwa. Anali ndi mimba kapena atakwatiwa.

Nkhani imene sinathe mpaka lero ndi ya tsiku logawana. Mwambo wa December uliponso kwa anzathu a m'mayiko ena, ndipo kwa iwo uli ndi nzeru: ku South Africa, Zimbabwe ndi Zambia chaka cha sukulu chimayamba mu January, kotero ndalama ya December imakumana ndi yunifolomu yatsopano. Ku Malawi chaka cha sukulu chimayamba mu September. Ndalama ya December kwathu imakumana ndi feteleza, Khirisimasi ndi alendo, ndipo pofika September mayi amakhala m'manja muli gwa, n'kupitanso kukatenga ngongole ya 20 peresenti pa ndalama yake yomwe. Amene amalima amati feteleza ndiye fizi ya chaka chamawa, ndipo sakunama. Amene tili m'tauni timati bokosi lizitsegulidwa mu August. Magulu ena asankha kukhala ndi mabokosi awiri, la munda ndi la sukulu, lililonse ndi mwezi wake, ngakhale kuti izi zimafuna mlembi wosatopa komanso anthu asanu ndi mmodzi osunga makiyi.