Kuthawa, kunyanyala ndi sitalaka

Mlovi wa ku Nkhotakota akakhumudwa ndi gawo limene mwini chilimira wampatsa atachezera usipa usiku wonse, salemba kalata ya madandaulo. Mawa lake umangomuona ali m'boti la bwana wina. Njira imeneyi, yongochoka, ndi imene agogo athu ankaidziwa pamene ankasiya Kotakota wa atsamunda kupita ku Halale ndi ku Joni, ndipo mawu awo a ntchito anali a ulendo okhaokha. Wenela ankalemba anthu a m'migodi ya golide, Mthandizi ankatengera anthu ku mafamu a ku Southern Rhodesia, wodziyendera yekha osasaina ankati wapita pa selefu, ntchito yoti sungaisiye inali chibalo, ndipo amene sanabwerere anasanduka matchona. Sitalaka ndi chinthu china: munthu kukana ntchito koma osachoka pamalopo, ndiponso osakana yekha. Mbali ziwirizi ndi zimene zimasiyanitsa sitalaka ndi mkwiyo wamba, ndipo mawu awiri amene timagwiritsa ntchito lero, kunyanyala ndi sitalaka, agawana mbalizi.

Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, mitengo ya chakudya ndi zovala inali itakwera, malipiro ali pomwepo, anthu akupanikizana m'makomboni. Mu Okutobala chaka chomwecho antchito akuda a njanji ku Bulawayo anaika zida pansi, ndipo motowo unatsata njanji mpaka ku Northern Rhodesia. Mu Ogasiti 1946 anthu oposa 60,000 a m'migodi yozungulira Johannesburg anakana kutsika pansi, akufuna masheleni 10 pa tsiku. Apolisi anawabweza ndi mfuti ndi zibonga, ena n'kufa. Kenaka mu Epulo 1948 kunabuka sitalaka ya onse, imene inayambira ku Bulawayo n'kufika ku Salisbury ndi matauni ena. Anthu a ku Nyasaland anali ambiri m'malo onsewa. Mawu akuti "ya onse" sakunena kuchuluka kwa mitu chabe. Akunena kuti a m'fakitale, a khonsolo ya mzinda, ngakhale makhukhi a m'nyumba za azungu, anthu a mabwana osiyanasiyana, anaima pamodzi. Pansi pa lamulo la mabwana ndi antchito la nthawiyo kuthawa ntchito unali mlandu, komabe wothawa sankasowetsa bwana tulo: m'mawa pageti pankakhala wina wa njala. Chimene bwana analibe nacho mankhwala ndi tauni yonse kukhala pansi.

Nyuzi ndi wailesi zathu zimakonda kunena kuti kunyanyala ntchito. Ena amadana nawo mawuwa, amati amachepetsa nkhani ya malipiro kukhala ngati ya mwana amene wakana nsima chifukwa chomukalipira. Madandaulowa ali ndi nzeru, chifukwa bwana amene akuti antchito anyanyala amatha kuganiza kuti ingodikirani, njala iwabweza. Komatu liwuli lili ndi chuma chimene liwu lobwereka la sitalaka lilibe. Mkazi amene wanyanyala sanathetse banja. Wasiya kuphika kapena kulankhula kuti mwamuna amve kupweteka, ndipo aliyense akudziwa kuti mapeto ake ankhoswe akhala pansi. Ndi mmenenso sitalaka ilili: wantchito sakutsanzika, akufuna ntchito yomweyo pa mtengo wina, ndipo pamafunika mkhalapakati. Chimene kunyanyala sikunena ndi gulu. Munthu amanyanyala yekha, koma palibe amachita sitalaka yekha, n'chifukwa chake liwu la sitalaka limayenda ndi anzake: bungwe la antchito, atsogoleri osankhidwa, chopereka cha mamembala, ndi dzina lonyoza la amene amalowa pageti anzake ali panja.

Palinso amene amati zonsezi n'zachilendo, kwathu nkhani zimakambidwa pabwalo mwaulemu. Amaiwala kuti ntchito ya tikiti ndi belu nayonso inali yachilendo, ndipo atsamunda sanachite manyazi kutenga liwu lathu la thangata, lonena za kuthandizana, n'kulisandutsa dzina la ntchito yokakamiza pa maesiteti. Pabwalo pamaweruzidwa anthu amene mawa adzakumana pamaliro amodzi. Kampani ya mgodi sinkabwera pamaliro a munthu. Ndiponso nzeru ya bungwe si ya azungu okha. Clements Kadalie wa ku Chifira, kumpoto kwa Nkhotakota pagombe la nyanja lomweli, ndiye anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919.

Kuno kwathu mabungwe a antchito anayamba kumera ku Blantyre cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, koma boma la chipani chimodzi linawaika m'thumba, mpaka mu Meyi 1992 pamene antchito a kampani ya David Whitehead anatuluka pageti ndipo anthu ambiri anaphedwa pa zipolowe zimene zinatsatira. Gawo 31 la malamulo aakulu a 1994 limavomereza ufulu wosiya kugwira ntchito, ndipo lamulo la 1996 loona za ubale wa pantchito linabweretsa mawu atsopano: sitalaka yovomerezeka, imene imayamba mkhalapakati atalephera ndiponso chidziwitso cha masiku 7 chitaperekedwa, ndi ntchito zofunika pa moyo wa anthu, zimene siziloledwa kuima. Mawu amenewa amagwira bwino pa fakitale ya shuga ya ku Dwangwa, pamene pali bwana mmodzi, kaundula wa antchito ndi bungwe. Padoko sagwira. Alovi salandira za pamwezi, amagawana zimene nyanja yapereka, ndipo komiti ya padoko ntchito yake yaikulu ndi maukonde oletsedwa ndi nyengo yotseka nyanja. Waganyu wa m'madimba a mpunga naye akakangana ndi mwini munda amanyamula khasu lake n'kukafunsa kwa wina.