Mawu a Pabwalo, Kuyambira pa Ng'oma Kufika pa Foni ya M'manja

Kulamba ndi mwambo wa magule, komanso ndi mwambo wa mawu. Mafumu a Achewa ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kudzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi ndi kumufotokozera momwe anthu awo akukhalira. Boma la atsamunda linaletsa mwambowu mu 1934, ndipo unayambiranso mu 1984. Pa zaka 50 zimenezo, njira zofalitsira mawu zinasintha kwambiri, ndipo zikusinthabe mpaka lero.

Makedzana uthenga unkayenda ndi miyendo ya mthenga kapena kulira kwa ng'oma. Anthu akasonkhana pabwalo, wolankhula ankadalira mphamvu ya kukhosi kwake basi. Mawu akasasa, nkhani inkathera pomwepo. Popeza panalibe cholembera, mawu oyenera kukumbukiridwa ankakulungidwa m'miyambi, kuti munthu awasenze m'mutu mpaka kumudzi kwawo. Pamlandu, eni nkhani ndi nduna ankayamba kulankhula, mfumu ili chete, ikumvetsera. Iyo inkalankhula pomaliza, mwachidule, anthu n'kuwomba m'manja. Kulemera kwa mawu a mfumu kunkachokera ku kuchepa kwake. Makolo ankatinso mawu a akuluakulu akoma akagonera.

Wayilesi inatsegula khomo latsopano. Mu 1941 nyumba youlutsira mawu inakhazikitsidwa ku Lusaka, ndipo pambuyo pake inkamveka m'Chinyanja mpaka ku Nyasaland. Mu 1949 kunabwera kawayilesi kotchipa ka mabatire, kotchedwa Saucepan Special chifukwa chofanana ndi sefuliya, ndipo mabanja ambiri anayamba kumva mawu a anthu amene sanawaonepo. Malawi Broadcasting Corporation inayamba mu 1964, pomwe wayilesi ya kanema ya dziko la Malawi inatsegulidwa mu 1999. Wayilesi inali ndi mwambo wake: wolankhula ankapatsidwa mphindi zowerengeka, ndipo panali mkonzi wosankha zoti zimveke.

Chinkuzamawu ndicho chinachotsa malire akale. Munthu wa mawu ofooka anatha kulankhula kwa khamu lalikulu kwa maola angapo osatopa. Otopa anakhala omvera, amene akhala padzuwa kuyambira m'mawa, ana kumsana, njala ili m'mimba, magule akudikira kuseri. Pamisonkhano yambiri, mndandanda wa olonjeredwa unayamba kutalika kuposa uthenga weniweni, ndipo wolankhula aliyense ankabwereza maina amene mnzake wangotchula kumene.

Vutoli si la kuno kokha. Pa 19 Novembala 1863, ku Gettysburg m'dziko la America, kunali mwambo wopatula manda a asilikali amene anafa pankhondo yapachiweniweni. Mlendo wolankhula wamkulu, Edward Everett, analankhula pafupifupi maola awiri. Pulezidenti Abraham Lincoln anaimirira pambuyo pake n'kulankhula mphindi ziwiri zokha, mawu osafika 300. M'mawa mwake Everett mwini analembera Lincoln kalata yomuyamikira kuti wagwira fundo ya tsikulo m'kanthawi kochepa chotero. Lero ana a sukulu a ku America amaloweza mawu a Lincoln, pomwe a Everett amawerengedwa ndi akatswiri a mbiri yakale okha.

Kenako kunabwera masamba a mchezo a pa intaneti. Facebook inayamba mu 2004 ngati bwalo la ophunzira a payunivesite ya Harvard, ndipo WhatsApp inatsatira mu 2009. Poyamba kuno kwathu zinali za achinyamata a m'tawuni ndi ogwira ntchito m'maofesi. Mafoni atatsika mtengo, zinalowa m'midzi. Lero nkhani ya maliro, ya chinkhoswe ngakhale ya mpingo imayenda pa WhatsApp, ndipo Mchewa amene ali ku Johannesburg, ku Harare kapena ku London amaonerera Kulamba nthawi yomweyo gule akuvina. Ichi n'chamtengo wapatali: mwambo umene unatsekedwa kwa zaka 50 tsopano sungabisikenso.

Komatu bwalo likakhala la aliyense, aliyense amasanduka mthenga, ndipo mkonzi palibe. Zolankhula za ola lathunthu palibe amene amazitumiza zonse. Wojambula amadulapo kachidutswa ka theka la mphindi, kawirikawiri pamene lilime linapunthwa, n'kukamwaza kopanda mutu ndi mchira. Wolankhula motalika amasiyira ena mphamvu yosankha mawu amene adzakumbukiridwe. Akuluakulu anachenjeza kale kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Masiku ano mlomo umafika kunyumba mwini wake asanatuluke pabwalo. Ngozi yomweyo ikukhudza Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Zimene zikuvinidwa pabwalo n'zoonetsa dziko, koma za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo foni siidziwa kusiyanitsa ziwirizi pokhapokha mwini foniyo ataleredwa.

Motero mbiri yazungulira n'kubwerera pa nzeru ya makolo. Chimene kukhosi kouma kunkakakamiza wolankhula wakale, foni ikukakamiza wolankhula wa lero: fundo imodzi kapena ziwiri, zoyalidwa bwino, zoti ngakhale zitadulidwa zikhalebe zoona. Amene apatsidwe mwayi woimirira pamwambo uno akumbukire agogo amene ayenda mtunda wautali ndi ana amene abwera kudzaona gule koyamba. Amene akweze mafoni m'mwamba akumbukire kuti iwo ndiwo amithenga a Kalonga ku dziko lonse, ndipo mthenga wokhulupirika sawonjezera kapena kuchotsera pa uthenga umene wapatsidwa.