Thumba la Mafumu ndi Cingwe Cace

M'caka ca 1929 Boma la Northern Rhodesia linaika lamulo lopatsa mafumu mphamvu ya kulamulira anthu ao ndi kuweruza mirandu, koma ndalama silinawapatse. Mfumu inkakhoza kumema anthu kuti akalambule mseu, koma inalibe kobiri logulira simenti ya pa citsime. Zinakhala cotero kufikira 1936, m'masiku a Bwanamkubwa Sir Hubert Young, pamene lamulo lina linalola kuti mafumu akhale ndi thumba laolao, lochedwa Native Treasury.

Thumbalo linadza ndi cingwe. Kunja kwa Barotseland, gawo limodzi lokha mwa magawo khumi a msonkho ndilo linkabwerera kwa eni dziko. Kumene mwamuna anali kukhoma 7s. 6d. pa caka, m'thumba la mfumu munkagwa 9d., zotsala zonse za Boma. Poonjezapo panali ndalama za mirandu ndi za malaisensi a njinga, agalu ndi mfuti. Ngakhale tindalama timeneti mfumu ndi nduna zace analibe ufulu wa kutigwiritsa nchito monga anafunira. Caka ndi caka anali kulemba zonse zimene afuna kucita ndi mtengo wace, nazipereka kwa Bwana D.C., ndipo popanda cibvomerezo ca Boma ndalama sinkaturuka.

Akulu a Boma ankati aopa kuti cuma cingamwazike m'manja mwa alembi osazolowera mabuku a ndalama. Manthawo sanali opanda pace, koma bvuto lalikulu linali kwina: malipiro a mfumu, a alembi ndi a akapaso ndiwo ankayamba kuturuka, ndipo zotsalira milatho, zitsime ndi sukulu zinali nyenyeswa cabe. Ndico cifukwa cace sukulu zambiri za kumidzi zinakhalabe pa mapewa a mishoni ndi a makolo oumba okha njerwa. Cikhalireco dzikolo silinali losauka. Mkuwa unali kuturuka ku migodi, amuna a m'midzi yomweyo ndiwo anali kuukumba, koma ndalama za mwini nthaka pa mkuwawo zinkapita kwa British South Africa Company kufikira 1964.

Itatha nkhondo yaciwiri matumbawo anakulako, ndipo mafumu ena anamanga sukulu zaozao ndi kukonza miseu, koma cibvomerezo ca Bwana D.C. cinali kufunikabe. Lamulo la 1965, dziko litalandira ufulu, linathetsa maulamuliro a mafumuwo, ndipo nchito zao zinapatsidwa kwa makhonsolo a kumidzi.